Mjigo Umene Napolo Anakwirira

Panali munthu wina wofufuza golide m'mapiri. Anali ndi makina omva chitsulo chobisika m'nthaka: kabokosi kokoleka m'khosi, zomvera za m'makutu, ndi ndodo yokhala ndi kambale kunsonga. Akayendetsa kambaleko pamwamba pa dothi, makina ankalira pamene pali chitsulo. Golide wambiri sanampezepo. Misomali ndi zitini ndiye anafukula zodzaza ngolo, ndipo mkazi wake ankamuseka kuti anakwatiwa ndi mwini mgodi wa zitini.

Munthuyu anali mkamwini m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri. Chaka china, mvula ili kumapeto, napolo anatsika. Anatenga nyumba khumi ndi zinayi ndi anthu asanu. Mmodzi mwa asanuwo anali mkazi wake. Mwamunayo anali kumapiri tsiku limenelo.

Madzi ataphwa, pamene panali mudzi panatsala chigwa cha mchenga chosalala ngati bwalo. Mtengo wa mango wa pamphambano, tchalitchi, njira ya kumsika, zonse zinafafanizika. Mjigo nawo unakwiririka, mjigo wa madzi okoma umene unali usanaphwepo ngakhale m'chaka cha chilala.

Otsala anamanga misasa chakumtunda, namamwa kumtsinje. Pofika Okutobala mtsinje unauma, ndipo amayi anayamba kulawirira ulendo wa maola awiri, ndowa zili pamutu. Okumba mijigo anati mndandanda ndi wautali, mudzi udikire zaka ziwiri. Pamenepo anthu anakumana nagwirizana chimodzi: mwezi umenewo ukatha madzi asanapezeke, mudzi ubalalike, aliyense apite kumene kuli abale ake.

Munthu uja sanafune kuchoka. Manda a mkazi wake anali pomwepo. Anaimirira nati, "Ndipatseni masiku ochepa. Mjigo ndi chitsulo, ndipo chitsulo ndimachimva."

Vuto linali lakuti aliyense ankadziwa pamene panali mjigo, koma aliyense ankaloza pake. Wina analumbira kuti ndi apa. Mnzake anati ayi, apo panali khola la mbuzi zake, iye angaiwale bwanji khola lake? Kuwonjezera apo, kambale ka makina kankamva kuya kwa mkono umodzi basi, pamene mchenga unali utaunjikana kupitirira msinkhu wa munthu.

Tsono anapanga chimene anaona kwa anzake a kumigodi. Anapempha waya wamkuwa wa m'mota ya chigayo imene inapsa. Anauzenga mozungulira kambirimbiri, mpaka unakhala gudumu lalikulu loti munthu wamtali nkugona m'kati osagunda m'mbali. Amisiri amalitcha koyilo. Koyilo yaikulu chotero siisamala za ndolo kapena msomali wokwiririka, koma chitsulo chachikulu imachimva ngakhale chili pansi penipeni. Kuinyamula pamanja sikutheka, imafuna kukokedwa. Anaigoneka pa matabwa awiri otsetsereka, osakhomapo msomali ngakhale umodzi. Analumikiza ndi zikhomo za mtengo, namanga ndi malegeni. Amayi ataiona anati, "Ili ndiye lichero la chimphona!" Dzina linakhala lomwelo.

Mkulu wina anabwereketsa ng'ombe zake ziwiri, masiku atatu okha, poti zinali ndi ntchito yotuta njerwa. Munthu uja anachotsa tcheni, namangirira chingwe chachitali cha khonje, kuti zitsulo za pagoli zikhale kutali ndi lichero. Belu la m'khosi mwa ng'ombe nalo analimasula.

M'mawa wa tsiku loyamba anajambula mzere ndi phazi m'mphepete mwa chigwa, naika lamulo lakuti chitsulo chilichonse chikhale kuseri kwake. Kunali chisangalalo ngati pa chinkhoswe. Njinga, ndowa, mafosholo, zonse anaziunjika kutali. Wa nsapato zokhala ndi chitsulo kumphuno anazivula. Bambo wina amene anamuika chitsulo m'mwendo kuchipatala anamukhazika pamwala patali, anzake akumuchenjeza kuti akayandikira amufukula ndi iyeyo. Bamboyo anaseka mpaka misozi. Chidutsire napolo, kuseka kotero kunali kusanamveke m'mudzimo.

Ng'ombe zinayenda pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, monga polima. Lichero linkatsetsereka pambuyo pake. Munthu uja ankatsatira mapazi asanu kumbuyo, kabokosi pachifuwa, waya wochokera ku lichero m'dzanja, khasu paphewa.

Dzuwa lisanakwere makina analira. Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Amuna anathamanga ndi mafosholo, nakumba mpaka wokumbayo osaonekanso. Munalibe kanthu. Masana makina analiranso, iwo nakumbanso. Mchenga wokhawokha. Tsiku loyamba maenje anali atatu, lachiwiri anayi. Kuseka kunachepa. Ena anayamba kumanga mitolo ya katundu mwakachetechete, osafuna kuti munthu uja aone.

Iye anamasula molumikizira monse namanganso. Anafufuza matabwa ngati muli msomali wakale wobisika. Anayang'ana ngakhale ziboda za ng'ombe. Sanapeze cholakwika.

Panali mlamu wake, Nankhoma, mkulu wake wa malemu mkazi wake, mayi wosatopa pakamwa. Masiku onse awiri sanathamangire kumaenje. Anangokhala pamzere paja akuswa mtedza, maso ali pa mlamu wakeyo. M'mawa wa tsiku lachitatu, ng'ombe zisanayambe, anavula ndolo zake, naziponya m'dengu la mtedza, nawoloka mzere.

"Alamu," anatero, "makina anuwa ndi achilungamo. Abodza ndinu."

"Ine?"

"Inu nomwe. Ndakuonererani masiku awiri, mtedza wanga mpaka watha. Lichero likakodwa pachitsa mumapita kukaliwongola. Mukawerama, limalira. Mukasendera pafupi kuti mumvetsetse, limalira kwambiri, inu nkumati eya, ndi pomwepa. Mwawathyola misana amuna a eni ake kufunafuna chinthu chili paphewa panu."

Munthu uja anakweza dzanja nagwira mpini.

Linali khasu la mkazi wake. Napolo atadutsa, ndi chinthu chokhacho cha m'nyumba mwawo chimene chinapezeka, chitapanika pamphanda ya mtengo kumunsi kwa chigwa. Kuyambira tsiku limenelo ankayenda nalo kulikonse: kumsika, kumaliro, ngakhale kumapemphero, kumene ankaliimika pakhomo. Mpini wake unali wosalala pamene manja a mkaziyo ankagwira. Iye amene anavula mnzake nsapato, amene anamasula belu m'khosi mwa ng'ombe, sanaliwerengere khasulo pamodzi ndi zitsulo. Kwa iye silinali chitsulo.

Kuseri kwa mzere onse ankalidziwa khasulo. Ena anali ataliona ndithu, koma ndani akanayamba kunena?

Nankhoma anatsitsa mawu. "Anali mng'ono wanga asanakhale mkazi wanu. Bweretsani kuno. Sindilitaya, sindilibwereketsa. Likhala pamiyendo panga apo, pamene mukhoza kuliona."

Munthu uja anatula khasu, nalipereka ndi manja awiri. Anabwerera ku lichero akuyenda mopendama pang'ono, monga amayendera munthu amene wangotula mtolo wa nkhuni.

Ng'ombe zinayamba. Mzere woyamba, zii. Wachiwiri, zii. Lichero linakodwa pachitsa, iye anawerama naliwongola, makina osalira. Bata limenelo linamuopsa, chifukwa masiku awiri anali atazolowera phokoso, ndipo phokoso, ngakhale labodza, limatonthoza wofufuza. Dzuwa linafika pamutu. Mwini ng'ombe anayang'ana kumwamba, nayang'ana ng'ombe zake. Munthu uja anapitirira maenje onse asanu ndi awiri, nafika kumbali imene panalibe ndi mmodzi yemwe amene analozako.

Kumeneko, dzuwa litapendeka, anamva mawu ena. Sikunali kulira kwakuthwa kwa masiku aja. Anali mawu apansipansi, oyamba pang'onopang'ono, okula, kenako ozilala, monga imamvekera ng'oma ya mudzi wakutali mphepo ikatembenuka. Sanaitane munthu. Anapempha mwini ng'ombe uja kuti azitembenuze, nadutsanso mopingasa. Mawu anabweranso pamalo omwewo. Anazika bango, navula zomvera, nakweza dzanja.

Amuna anazengereza, pakuti maenje asanu ndi awiri anali akuwawabe m'misana. Woyamba kunyamuka anali bambo wa chitsulo m'mwendo uja, fosholo m'manja, akutsimphina, akufuula kuti wakhala pamwala ngati buluzi masiku atatu, tsopano amuletse ndani. Anzake anamutsatira akuseka. Anakumba mosinthana. Dzenje linafika m'chiuno, linafika m'khosi, linapitirira mutu. Kenako fosholo inalira, ngwee!

Chinali chogwirira cha mjigo, chopindika pang'ono.

Anafukula mozungulira mpaka simenti yapansi inaoneka. Mawa lake amene ankadziwa kukonza anamasula mutu wa mjigo, nachotsa mchenga, nawongola chopindikacho. Nankhoma ndiye anayamba kupopa. Poyamba mjigo unangokhosomola. Kenako unalavula matope ofiira, ndipo anthu anayang'anana. Iye anapopabe, akuukalipira ngati mwana waulesi. Matope anayamba kutuwa. Ndipo madzi anabwera, oyera, ozizira.

Amayi anatsikira m'dzenjemo navina, matope akuwafika m'mawondo. Mayi wina anafika ndi mtolo wake wa ulendo pamutu, nauponya pansi, nasolola chikho m'kati mwake. Ng'ombe nazo anazitungira. Munthu uja anamwa ndi manja, namwanso, nasamba kumaso nthawi yaitali kuposa mmene fumbi linkafunira. Nankhoma anadzaza ndowa namukhuthulira yonse pamutu.

"Sambani zenizeni, alamu! Madzi mwatipezera, koma sopo mukagule nokha."

Iye anaseka, madzi akutsika m'ndevu. Mudzi sunabalalike.

Abale anga, ambiri a ife tili ndi chimene tinatsala nacho, ndipo timayenda nacho kulikonse. Si tchimo, ndipo palibe akunena kuti muchitaye. Koma chimene chili pafupi chimalira mokweza kuposa chimene chili pansi penipeni. Mukaona kuti paliponse pamene mwakumba mukungopeza mchenga, funsani mnzanu wosakuopani kuti akuuzeni chimene akuona pa inu. Akakuuzani, mpatseni ndi manja awiri kuti akusungireni, ngakhale tsiku limodzi lokha. Pali anthu amene akudikira madzi.