Khoza la Mfumukazi Nachisale

Iwe Mwatitha, foniyo ika pansi! Makutuwo anakupatsa okolekapo ndolo basi? Tamvera.

Kalekale, kale la mafoni a mabatani lija, kunali mayi Nasuluma, mdzukulu wa Mfumukazi Nachisale yemwe anapulumutsa mudzi kwa ogwira akapolo. Pamkono ankavala khoza la mnyanga la agogo akewo.

Kunabwera a kanema ochokera kutauni, ati tijambule mbiri ya mfumukazi. Nasuluma ananyadira, mpaka kuwabwereka mpando wa makolo. Atapita kukaonerera kujambulako, anapeza malodza. Pampando pakhala mwamuna wa Nachisale, mfumukazi ili chogwada, ikulira, chikho cha madzi m'manja!

"Bambo inu, ameneyo anali mkamwini!" anatero kwa mkulu wa kanema. "Tambala wobwereka akhale pampando wa eni mudzi?"

"Anthu amakonda zachikondi, mayi," anayankha mkuluyo, osacheuka n'komwe.

Nasuluma ankadziwa kuti ana inu mumakhulupirira kanema kuposa pakamwa pa nkhalamba. Agogo akagwada mmenemo, agwada mpaka kalekale. Ndiye analengeza pamaso pa onse, "Amene awadzutse pansipo, khoza ili n'lake."

Dolofina, wosewera ngati mfumukazi, m'mawa mwake anakana kugwada. "Maondo agwidwa nyamakazi, bwana." Anamuopseza kuti ntchito itha, iye ali nji, chilili.

Koma mpando unali udakali kwa mkamwini. Nazimbiri, mtsogoleri wa amayi a m'mudzi osewera ngati khamu, anangotsinzinira anzake. Onse misana tembenu! Kamera n'kumajambula nkhongo zokhazokha. "Nthungululu zathu si za alendo," anatero. Mkamwini anatsika mwamanyazi, Dolofina n'kukhalapo.

Mkulu uja, liuma! Atabwerera kutauni anaikamo mawu a mwamuna, onena kuti nzeru zonse zinali za mkamwini. Esitere, wolumikiza zithunzi pa kompyuta, anawadula mawuwo, n'kuikamo nyimbo ya amayi yotamanda Nachisale. Bwana atamva kukoma kwake anati maganizowo anali ake. Amuna!

Kanemayo anadzamuonetsa m'tchalitchi, mawindo atatchinga ndi zitenje. Nasuluma analowa mtima uli m'mwamba. Kuyang'ana, agogo ake ali pampando, akugamula za nkhondo, amuna akuomba m'manja. Anapumira m'mwamba. "Hiii, mwadzuka agogo." Mtima pansi, mpaka kuseka yekha.

Potuluka, atatu aja mikono tambasu.

"Ndikanagwada, akanawadzutsa ndani?" anatero Dolofina.

"Kuimirira wopanda mpando ndi ufumu, mwana iwe?" anatero Nazimbiri.

"Akanakhala pampando, koma mbiri akanatenga mkamwini," anatero Esitere.

Nasuluma anayang'ana pamkono pake. Khoza ndi limodzi, ndipo salidula ngati nzimbe.

Ndiye iwe wa kusukulu, tandiuza: alivale ndani? Wa maondo, wa misana, kapena wa kompyuta? Usandiyankhe msanga. Yamba wabwereza yonse, kuyambira pampando paja, ndione ngati umamva.