Muzu wa Zingani ndi Anthu Amene Sanabwerere

Kalekale, misewu isanalambulidwe, kunali sing'anga wina dzina lake Zingani. Mkazi wake anali Nangondo. Zingani anali ndi muzu umodzi wowawa kwambiri, wa matenda otsekula m'mimba, ndipo ankanena kuti muzuwo sunalepherepo. Sanali munthu wabodza. Kudera kumeneko kunali mwambo wakuti munthu akachira ankabwerera kwa sing'anga ndi nkhuku yothokozera. Tsono aliyense amene Zingani ankamuonanso anali wochira, atapanira nkhuku m'khwapa.

Chaka china, mvula itangoyamba, matendawo analowa m'mudzi ndi mphamvu. Anagwiranso Nangondo. Milomo yake inauma, maso analowa m'kati. Zingani anawiritsa muzu wake, nabwera nawo m'chikho.

"Imwani, aNangondo."

Nangondo anayang'ana chikhocho. Kenako anati, "Zikho zimene ndatsuka pakhomo pano n'zambiri kuposa nkhuku zimene ndadyetsa. Anthu enawo ali kuti?"

"Ndi anthu osathokoza," anatero Zingani.

"Kapena. Kawaoneni kaye. Mukabwera ndimwa."

Tsono Zingani anapita kwa mlamu wake, mchimwene wa Nangondo, amene anamwa muzuwo chaka chapitacho. Anamupeza akusema mpini.

"Alamu, muzu uja unakuthandizani?"

"Simukundiona? Ndinamwa m'mawa, madzulo ndinali pa mbale ya nandolo."

Zingani anabwerera msangamsanga. "Achimwene anu anachira. Imwani."

Nangondo anati, "Achimwene anga anadyapo mbuzi yofa yokha, ndipo anangodandaula kuti mchere unachepa. Amenewo ndi munthu mmodzi, komanso si munthu woyesera mankhwala."

Zingani anaona kuti mawuwo anali oona. Tsiku lomwelo kunali dima kumunda kwa munthu wina, anthu ambiri akulimira mowa. Anapita kumeneko, nakwera pachulu.

"Amene munamwapo muzu wanga, imikani makasu!"

Makasu ambiri anaima.

"Munachira?"

"Tinachira!" Ngakhale ena amene sanamve funso anavomera, chifukwa mowa unali utayamba kale.

Zingani anabwerera akumwetulira. Anapeza Nangondo akulankhula motsitsa kuposa m'mawa. Zingani anati, "Tsopano si mmodzi. Ndi munda wonse. Imwani."

"Munawapeza akutani?"

"Akulima."

"Wodwala amalima?"

Nangondo anafunsanso:

"Nanga wakufa?"

Zingani anati sanamuonepo akulima.

Anatuluka nakhala pakhonde. Anaganiza za njira zimene ankayenda m'mudzimo. Anaona kuti mapazi ake ankadziwa makomo a anthu omulonjera, ndipo makomo ena ankawalambalala popanda iye kuwauza. Akawasiya kuti asankhe okha, adzamutengeranso kwa ochira.

Tsono m'mawa mwake anatenga matumba awiri, lakumanja la anthu amene anamwa muzu, lakumanzere la amene anadwala koma sanamwe. Anati akamva za munthu wochira adzaponya nyemba m'thumba, akamva za womwalira adzaponya kamwala. Anaima pakati pa mudzi, naponya ndodo yake m'mwamba. Kumene ndodo inaloza itagwa, ndiko anapita. Ankalowa nyumba imodzi, kudumpha ziwiri, kulowanso ina, kaya eni ake ankamukonda kaya ayi.

Nyumba zitatu zoyamba zinamupatsa nyemba zokhazokha m'thumba lakumanja. Zingani anatembenuka kuti azibwerera. Koma anakumbukira kuti dzulo anabwerera kawiri ali wokondwa. Anapitirira.

Nyumba yotsatira inali yotseka. Anaodira. Anatuluka mayi wina amene kwa nthawi yaitali ankapatuka akakumana naye panjira.

"Mayi, abambo a pano muzu uja anamwa?"

"Anamwa wonse, sanasiyeko."

"Ali kuti?"

"Ali kumanda. Mukhoza kukawafunsa."

"Bwanji simunabwere kudzandiuza?"

Mayiyo anati, "Kwanu amabwerako ndi nkhuku, a sing'anga. Wamaliro abwere ndi chiyani?"

Zingani anawerama, natola kamwala.

Anayenda choncho mpaka nyumba zinatha. Anaponyanso ndodo, ndipo inamulozera kudambo, kumene kunali nyumba za anthu osauka amene anali asanapondepo pakhomo pake. Galu wa panyumba ina anamung'ambira nsalu. Zingani analowabe, chifukwa nyumbayo inali pa mzere wake.

"Pano matenda aja anafika?"

"Anafika," anatero bambo wa panyumbayo. "Anagwira ana onse."

"Munawapatsa chiyani?"

"Nkhuku tilibe, ndiye kwanu sitikanabwera. Tinkawamwetsa phala lamadzimadzi lothira kamchere, pang'onopang'ono, tsiku lonse. Ndi awo akugenda mbuzi za eni."

Zingani anaponya nyemba m'thumba lakumanzere. Si onse a kudamboko amene anachira. Nyumba zina zinamupatsa miyala. Iye anangopitirira, mudzi uwu ndi winawo, mpaka mayankho anasiya kumudabwitsa.

Atafika kwawo anakhuthula matumba onse awiri pamphasa, pambali pa mkazi wake. Mulu wa anthu amene anamwa muzu unali ndi miyala pafupifupi yofanana ndi nyemba. Mulu wa amene sanamwe unali wa nyemba zambiri, miyala apo ndi apo. Zingani anawerenga. Anawerenganso. Anawerenga kachitatu, koma miyala sinachepe.

Nangondo anatsegula maso movutikira. "Ndimwe?"

Zingani anatenga chikho chija, nakataya mankhwalawo kuseri kwa nyumba. Anasonkha moto, naphika phala. Anali asanaphikepo chiyambire, ndipo phalalo linali la mibulu. Nangondo anamwa pang'ono, nati ndi loipa. Anamwanso pang'ono. Zingani anakhala pamenepo ndi chipande m'manja, akumumwetsa, osapita kulikonse.

Nangondo sanachire tsiku lomwelo. Anayamba ndi kukhala tsonga. Kenako anafika pakhonde. Kenako anayamba kufunsa amene anaika mphika wake wa ndiwo pamalo pena.

Zingani anauza anthu zimene anapeza. Ena anamvera. Ena anati sing'anga wopatsa anthu phala ndi wosokonezeka mutu, ndipo anakafuna mankhwala owawa kwina. Dzina la Zingani linachepa. Koma chaka chimenecho Nangondo anapalira yekha chimanga chake.

Tsono ana inu, mukafuna kudziwa ngati mankhwala amachiritsa, musafunse munthu mmodzi. Musafunsenso okhawo amene abwera okha kwa inu, kapena amene mwawapeza ali chilili. Musasankhe ndi mtima wanu. Sankhani mwa maere, funsani anthu ambiri, mugogodenso pa zitseko zotseka, ndipo musaiwale kufunsa amene sanamwe.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pomwepa.