Manayini a mnyamata wa fotokope

M'kashopu ka fotokope, momwe munkamveka fungo la inki ndi mapepala otentha, munali mnyamata wina wosunga chinsinsi: mtima wake unali utagwera mphunzitsi wa masamu wa pasukulu yoyandikana nako, mtsikana wokhala ndi choko m'zala nthawi zonse.

Tsiku lina mphunzitsiyo anabweretsa mayeso kuti awachulukitse. Maso a mnyamatayo anagwera pa funso lina: kodi 0.999..., manayini ondondozana osatha, ndi wofanana ndi 1?

"Ili ndi bodza, aphunzitsi," anatero. "Pamatsala kenakake ndithu."

"Dulani buledi patatu," anayankha akumwetulira. "Chigawo chilichonse ndi 0.333... Mukaphatikizanso zitatuzo, manayini aja ndi amenewo. Nanga buledi wachepa?"

Mnyamatayo anamva pomwepo kuti ndi zoona. Koma anaganiza kuti akavomera, nkhani itha, mwininkhaninso apita. Choncho anapukusa mutu.

Mawa lake mphunzitsiyo anabweranso ndi umboni wina. Mnyamatayo anakananso. Mkuja, chimodzimodzi. Mtsutso unasanduka nyambo, ndipo tsiku lililonse mawu enieni ankakwera mpaka pakhosi, n'kufika pa lilime, n'kugunda mano, koma osatuluka.

Mlongo wa mnyamatayo, amene ankamata mabuku pakona, ankangoseka.

"Achimwene, munthu amabwera ndi pepala limodzi, chonsecho kusukulu kwawo makina aliko. Mukuyesa akufuna inki yanu? Lankhulani!"

"Ndatsala pang'ono."

"Dzulo munatsalanso pang'ono. Manayini enieni ndi inu."

Kenako mphunzitsiyo anasiya kubwera. Chitseko chikangoti kwee, mnyamatayo ankadzidzimuka, koma n'kupeza ndi agogo ofuna kope ya chiphaso.

Nyengo ya mvula itatha, mphunzitsi uja anatulukira, atanyamula envulopu.

"Funso lomaliza," anatero. "Tchulani nambala imene ingalowe pakati pa manayini aja ndi 1."

"Palibe," anavomera mnyamatayo. Lero ndiye lero.

"Ngati pakati palibe kanthu, ndiye kuti ndi chinthu chimodzi. Munadziwa liti?"

"Tsiku loyamba lija."

"Ndinkaona." Anayang'ana pansi pang'ono. "Komatu manayini amafika chifukwa alibe mathero. Munthu masiku ake amatha, bambo."

Anamupatsa envulopu ija. Munali khadi la ukwati loti alichulukitse. Mkwati anali kalipentala wokonza madesiki kusukulu, munthu wosadziwa kutsutsa, amene anangomufunsira kamodzi, mawu athunthu.

Makina anayamba kulira, akulavula dzina la mtsikanayo pambali pa dzina la wina, kachiwiri, kachitatu, ngati sadzasiya. Mlongo wake anabwera kudzasanja makadiwo, n'kumusisita paphewa.

"Pepani achimwene. Limodzi musunge, mwina kuphwandoko mukakwanitsa kupempha mpando."

Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.