Fomu ya Lubna

Pa positi ofesi yoyandikana ndi msika wa nsalu mu mzinda wa Rajshahi, panalibe fomu imene inkawazunguza mutu a Mofazzal Hossain. Anakhala pa zenera lachitatu zaka makumi awiri, kulembera amayi amasiye za penshoni ndi amalonda za katundu wotumiza kutali. Ankadzitama kuti munthu akangoima pamaso pawo, iwo amadziwa kale chimene wadzera asanatsegule pakamwa. Luso limeneli linali labwino pa zenera. Kuipa kwake kunali kwakuti akaweruka ankapita nalo kunyumba.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lubna, anali mu kalasi eyiti. Chimenechi ndi chaka chimene ife makolo a kuno timayamba kubalalika mitu, chifukwa chaka chotsatira mwana amayenera kusankha njira ya maphunziro imene adzayende nayo mpaka ku koleji. Tonsefe timafuna dokotala m'nyumba. Zikanatheka mzinda wonse ukanakhala wa madokotala okhaokha, odwala n'kumachita kuwaitanitsa kunja.

Kusukulu ya Lubna kunali Mayi Dilruba, mphunzitsi wolangiza ana za ntchito za m'tsogolo. Iwowa anagawira ana kabuku ka mafunso makumi anayi, kofunsa zimene mwana amakonda, zimene amaopa ndi zimene manja ake amatha. Mayankho ake ndiwo ankasonyeza kumene mwana akathere sabata imodzi ya tchuthi akuonera ntchito: ena kuchipatala, ena kubwalo la milandu, ena ku koleji ya zaulimi. Lubna anakaika pa tebulo kuti akalembe modekha Lachisanu. Lachitatu m'mawa kanali kale m'chikwama cha bambo ake.

"Bambo a Lubna, kabuku ka mwana mukupita nako kuti?" anafunsa akazi awo, a Shefali, uku akukanda ufa wa chapati.

"Kukalemba. Mafomu ndi ntchito yanga."

"Komatu akufunsa iye, osati inu."

"Mwana wa zaka khumi ndi zitatu angadziwe chiyani? Mukamufunsa lero akuuzani kuti akufuna kukhala mbalame. Ndimamudziwa ine mwana ameneyu, ndinamubereka ndine."

"Ooh, munamubereka ndinu? Pepani, ine ndimayesa tsikulo ndinalipo," anatero a Shefali. Koma amuna awo anali atafika kale pa masitepe.

Pa nthawi yopuma masana anaitanitsa tiyi wamkaka, natulutsa cholembera chawo cha pamtima. Kodi umaopa magazi? Ayi, ngakhale pang'ono. Kodi fungo la mankhwala limakusowetsa mtendere? Limandisangalatsa. Kodi umakonda kugwira dothi? Apa anachonga "ayi" mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Funso lomaliza linali lakuti: Ndani amakulimbikitsa pa moyo wako? Panali mizere itatu yokha. A Mofazzal anadzaza itatuyo, nasefukira kuseri kwa tsamba. Analemba kuti bambo anga ndi munthu wolimba mtima, amene amapereka magazi kuchipatala osaphethira n'komwe. Zoona zake zinali zakuti anaimapo kamodzi pa mzere wopereka magazi, ndipo atatsala anthu awiri kutsogolo anakumbukira kuti aiwala ambulera kunyumba, dzuwa likuswa mtengo.

Kabukuko anakapereka okha kusukulu. Madzulo atapeza Lubna akufunafuna pansi pa tebulo, anamuuza monyadira kuti asavutike, zonse zatheka. Mwanayo anawayang'ana nati, "Chabwino, Abba," monga mmene ana a kuno amaitanira bambo awo. Iwo anamva ngati wathokoza.

Mayina atatuluka, Lubna anali pa gulu la kuchipatala. Tsiku loyamba makolo anaitanidwa kuperekeza ana, ndipo a Mofazzal anavala malaya awo oyera a pa Idi, nayenda patsogolo ngati chipatalacho anamanga ndiwo. Gululo linaonetsedwa kolembetsera odwala ndi kosungira mankhwala, kenaka linalowa m'chipinda choperekera magazi. Namwino wamkulu anafunsa ngati pali kholo lodzipereka kuti ana aone mmene ntchitoyo imayendera. Makolo onse anayamba kuwerenga zala za kumapazi.

"Musavutike, tili naye katswiri," anatero Mayi Dilruba. Anatsegula kabuku ka Lubna nawerenga mokweza ndime yonse ya bambo wolimba mtima uja, mpaka kuseri kwa tsamba. Makolo anaomba m'manja. Bambo wina anawasisita pamsana nati, "Achimwene, tiphunzitseni ife amantha."

Kothawira kunalibe. A Mofazzal anagona pa bedi, napinda mkono wa malaya, namwetulira ngati mbuzi imene yaona mpeni. Anamva kuzizira pa mkono. Denga linayamba kuzungulira, mawu a anthu anapita kutali, basi kunada.

Atatsitsimuka anapeza miyendo yawo ili pamwamba pa mapilo awiri, malaya a pa Idi atanyowa ndi madzi, ana khumi ndi awiri atawazungulira, ena akudziluma milomo kuti asaseke. Lubna ankawakupiza ndi kabuku komwe kaja.

"Atenga ochuluka bwanji?" anafunsa ndi mawu a munthu wotsanzika.

"Abba, sanakubayeni. Angokupukutani ndi thonje."

Panja pa chipindacho Mayi Dilruba anawapatsa madzi a shuga, nawauza mosakweza mawu: "Bambo Hossain, ndinakayika tsiku lomwelo. Palibe mwana wa kalasi eyiti amene amalemba kuti 'onani tsamba lakuseri' n'kudula mzere kunsi ndi rula. Ndinamuitana Lubna n'kumufunsa ngati mayankhowo ndi ake. Anati ndi ake. Ndinafunsa kawiri, anakana kukugulitsani."

"Ndiye mwangofuna kundiyalutsa?"

"Ndangowerenga zimene munalemba. Koma nkhani yaikulu si imeneyo. Mwana wanu wakhala akundifunsa za koleji ya zaulimi kuyambira mwezi woyamba wa chaka. Kumeneko amatenga ana asanu ndi mmodzi okha, ndipo amene alowa amapitiriza kuphunzitsidwa Loweruka lililonse mpaka atamaliza sukulu. Dzina lake ndinali nditalilemba kale ndi pensulo. Ndinafufuta ndi dzanja langali."

Mawu amenewa anawalasa kuposa singano imene sinawabaye ija. M'mawa mwake anapempha tchuthi kuntchito, nakwera rikisho, njinga ya matayala atatu yonyamula anthu, mpaka ku koleji ya zaulimi kunja kwa mzinda. Anapeza zenera, ndipo kuseri kwa zeneralo kunali kalaliki wa msinkhu wawo, wa magalasi onga awo. Anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za thonje. Kalalikiyo sanadzutse mutu.

"Malo anadzaza, bambo. Mafomu tinatseka."

"Nanga chaka chamawa?"

"Timatenga a kalasi eyiti okha. Wotsatira!"

A Mofazzal anacheuka. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Anazindikira kuti nawonso amakuwa choncho akafuna kuthamangitsa munthu, ndipo aka kanali koyamba kumva mmene mawuwo amapwetekera ukaima mbali inayo.

Atafika kunyumba anafunsa kumene kuli mwana. A Shefali analoza m'mwamba ndi chipande. "Ali padenga, kumene amakhala masiku onse akaweruka. Masitepe ake ndi omwewa, ngati simukuwadziwa."

Anakwera akupuma mwabefu. Padenga la simentilo, kuseri kwa thanki ya madzi, panali zitini zakale za mafuta ophikira zokwana khumi ndi zinayi, chilichonse chili ndi kamtengo ka mango. Timitengoto tinali tomangidwa pakati ndi timapepala ta pulasitiki, ndipo pa chitini chilichonse panalembedwa tsiku. Lubna anali atanjuta, manja ali dothi lokhalokha mpaka m'zigongono.

"Izi ndi za amayi ako?"

"Ndi zanga, Abba. Ndimamezanitsa. Tsinde ndi la mango wamba osaopa matenda, nthambi ndi ya mango okoma aja a kwa amalume. Chaka chatha inagwira iwiri yokha. Chaka chino yagwira isanu ndi inayi."

"Unayamba liti?"

"Ndili kalasi sikisi."

Zaka ziwiri zathunthu munda unkamera pamwamba pa mutu wawo, iwo ali pansi kudzitama kuti amadziwa za mumtima mwa munthu asanalankhule. Anakhala pa njerwa, osasamala za buluku.

"Mwana wanga, ku koleji kuja ndapitako. Andikaniza. Mwayi wako ndautaya ndine. Bwanji sunandiuze?"

"Simunandifunse."

Panalibe ukali m'mawu akewo, ndipo chimenecho ndicho chinawawa kwambiri. Kenaka a Mofazzal anafunsa funso limene likanawatengera mphindi imodzi Lachitatu lija: "Nanga iweyo ukufuna kudzakhala ndani?"

Lubna analankhula mpaka tiyi amene amayi ake anabweretsa anazizira. Chaka chotsatira anasankha yekha sayansi, osati chifukwa cha chipatala koma chifukwa cha mitengo. Malo a Loweruka aja sanabwererenso. Anzake asanu ndi mmodzi ankapita ku koleji, iye n'kumabwereka zolemba zawo Lamlungu, kumakopera.

Nkhani ya thonje inafika ku positi ofesi iwo asanafike, ndipo mpaka lero anzawo amawatcha Adokotala. Iwo sakwiya. Amaifotokoza okha, n'kuseka kuposa onse, koma akafika pa zitini za padenga kuseka kumatha. Amavula magalasi, n'kuuza aliyense amene ali ndi mwana wa kalasi eyiti kuti akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.