Kutupa kwa Nachisale

Kalekale, kuthambo la kummwera kunkakhala nyenyezi yaikazi dzina lake Nachisale. Masiku amenewo nyenyezi iliyonse inkapatsidwa mulu umodzi wa nkhuni pobadwa, ndipo wowonjezera kunalibe. Anzake ankasonkheza kamtengo kamodzikamodzi. Koma Nachisale, pofuna kuti dzina limveke, ankaponya mitolo yathunthu pamoto.

Anali ndi ana aakazi atatu, ndipo amuna awo anamanga nyumba momuzungulira kuti aziwotha moto wake. Mwa mwambo, mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Tsono atatuwo ankangozungulira patali, mitu ili pansi, ndipo Nachisale zinkamukoma kwabasi.

Zaka zitapita, nkhuni zinayamba kutha. Moto wake woyera uja unafiira ngati khala la m'mawa, thupi n'kuyamba kutupa. Mumtima ankamva ndithu kuti akuzizira, ndipo ankachita mantha. Koma kuvomera ukalamba, ayi, bola kufa.

Anaitana mkamwini woyamba n'kumufunsa mmene akuonekera. Munthu wosaukayo anagwada chofulatira, nati, "Mwanenepa, apongozi. Umenewo ndi ulemerero."

Nachisale anakondwa, n'kudzifufumitsa. Mimba yake inameza mkamwiniyo, mkazi wake, nyumba ndi nkhuku zomwe. Iye osadziwa, poti mapazi ake omwe anali atasiya kale kuwaona.

Anaitana wachiwiri. Uyu anali ataona zimene zinagwera mnzake. Koma anakumbukira kuti mkamwini asamakule mwendo. Nayenso anafulatira n'kuyamikira kunenepa, mpaka anawonjeza kuti kufiirako n'kwa nsalu ya mafumu. Asanamalize kuwomba m'manja, anali m'mimba kale ndi banja lake.

Tsono anaitana wachitatu. Ameneyu anadzutsa mutu n'kuwayang'ana apongozi akewo kuyambira kumwamba mpaka pansi.

"Apongozi, simukunenepa ayi, mukutupa," anatero. "Moto wanu ukutha, ndipo ana anu awiri mwawameza kale."

Nachisale anamutukwana kuti ndi galu wosaleredwa, wopanda mwambo, n'kumuuza kuti achoke pamudzi pake. Mkamwiniyo anamanga katundu. Mkazi wake, chitsiriza cha Nachisale, anamutsatira akulira, ndipo anapita kutali kumene moto sufika.

Pofuna kuonetsa kuti akadali wamkulu, Nachisale anakoka mpweya n'kufufuma komaliza. Thupi lonse lija linabalalika ngati mankhusu pamphepo. Chimene chinatsala ndi kanthu kakang'ono koyera, kosaposa chiphaniphani. Apo m'pamene anaona bwinobwino bwalo lake. Panalibe nyumba ngakhale imodzi. Anaitana ana ake mayinamayina, mmodzimmodzi, koma panalibe woyankha.

Ana inu, kutupa si kunenepa. Ndipo ulemu umene umaletsa munthu kunena zoona umapha wolemekeza ndi wolemekezedwa yemwe.

Yanga nthano yathera pomwepa.