Chithunzi cha Mwezi wa Disembala

Panali munthu wina, dzina lake Fanuwelo, amene ankagwira ntchito yotayipa ndi kufotokopa m'kashopu ka pafupi ndi depoti. Anali wamanyazi, wa mawu ochepa. Makasitomala akatha, ankatsalira pa kompyuta n'kumapanga zithunzi zachilendo. Ankayamba ndi nthambi imodzi. Panthambipo n'kuphukitsa tinthambi tofanana nayo, pa kanthambi kalikonse n'kuphukitsanso tina, mpaka diso kulephera kutsatira. Ukakulitsa kachigawo kakang'ono, unkapezamo mtengo wonse uja, ndipo mkati mwakenso muli wina.

Munthuyu analeredwa ndi mchemwali wake, Esinati, makolo awo atamwalira. Esinati ankagulitsa kaunjika pamsika, ndipo ndiye anamuphunzitsa sukulu.

Tsiku lina kampani ina yosindikiza inalengeza kuti ikufuna zithunzi zoika pa kalendala ya chaka chotsatira, mwezi uliwonse chake. Fanuwelo anamva, koma sanatumize kanthu. Esinati ndiye anamukakamiza.

"Mitengo yakoyo ikubalira ndani m'bokosimo? Tumiza, anthu aone."

Anatumiza. Chithunzi chake chinasankhidwa, ndipo anachiika pa mwezi wa Disembala. Fanuwelo atafuna kumuonetsa pafoni, Esinati anatembenuza nkhope.

"Pafoni ayi. Ine ndidzachionera pakhoma, monga anthu onse adzachionere, dzina lako lili m'munsi."

Koma kalendala isanatuluke, Esinati anadwala. Chaka chatsopano chinamupeza ali gone m'chipatala. Dokotala anaitanira Fanuwelo pambali, namuuza kuti matendawo afika patali, chatsala n'kungochepetsa ululu. Fanuwelo anamva ndi makutu okha. Sanauze munthu.

Kalendala inafika mu Febuluwale. Fanuwelo anaipachika pamsomali, moyang'anizana ndi bedi la mchemwali wake. Patsamba la mweziwo panali chithunzi cha munthu wina.

"Nanga chako chili pati?" anafunsa Esinati.

"Chili kumapeto, achemwali. Disembala. Mudzachiona mweziwo ukafika."

Esinati anamuyang'anitsitsa. Kenako anati, "Chabwino, ndidikira."

Kutembenuza masamba a kalendala si ntchito. Ngakhale mwana angathe. Koma kwa Fanuwelo, kutero kunali kuvomereza kuti mchemwali wake safika Disembala, ndipo dzanja lake linkakana. Nayenso Esinati sanafunsenso. Anaona kuti mlongo wake watsamira pa mweziwo ngati pamzati, ndipo sanafune kumugwetsa. Masana ankangoyang'ana khomalo, maso ali pa chithunzi cha mlendo.

Pabedi loyandikana ndi la Esinati panali mtsikana wodwala, ndipo womudikirira anali mayi ake, ochokera kumudzi. Mayiwa ankagona pansi, pamphepete pa bedi. Akaphika phala kukhitchini ya odikirira odwala, ankatapako pang'ono n'kusiya pafupi ndi Esinati. Fanuwelo akapita kuntchito, ndiwo ankatembenuza Esinati ndi kumupukuta thukuta. Zonse za kalendala anazimva.

M'mawa wina Esinati analephera kumeza ngakhale phala. Mayi aja anamuyang'ana, anayang'ananso Fanuwelo amene anagwira supuni m'malere. Anapukuta manja pachitenje, anakoka kampando, nakwerapo. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kutembenuza masamba a kalendala ija, limodzilimodzi, mpaka lomaliza.

"Mayi, mukutani?" anatero Fanuwelo.

"Pepani bambo, ine sukulu sindinapite, miyezi sindiidziwa. Chithunzi chija chanditopetsa m'maso. Ndangofuna chokongola."

Anatsika, nabwerera kwa mwana wawo.

Pakhoma panaima mtengo wobiriwira, nsonga zake zachikasu ngati zawombedwa ndi dzuwa la m'mawa. Esinati anapempha kuti amudzutse mutu. Maso ake anakwera thunthu, analowa m'nthambi, anatsata kanthambi, kenako kena kakang'ono.

"Sikutha, eti?"

"Sikutha, achemwali."

"Tawerenga zili m'munsizo. Maso anga sakufika."

Fanuwelo anawerenga dzina lake lomwe. Pofika pa dzina la bambo awo, analekera pomwepo. Anagwada pambali pa bedi, nabisa nkhope m'bulangete, ndipo kwa nthawi yoyamba analira pamaso pa mchemwali wake. Esinati anaika dzanja pamutu pake, maso osachoka pakhoma.

Namwino atalowa ndi mankhwala, anaima pakhomo.

"Ndani wabweretsa Khirisimasi muno chimanga chisanache?"

Namwinoyo anayang'ana Esinati, anayang'ana kalendala, nagawa mankhwala ake. Potuluka anaisiya momwemo.

Esinati anamwalira sabata yomweyo.

Inu amene mukumva, Fanuwelo sanali munthu wouma mtima. Ankamukonda mchemwali wake, ndipo chikondi chomwecho chikanamumana chinthu chokhacho chimene anapempha. Mwina nanunso muli ndi chabwino chimene mwasungira munthu wanu, mukuti nthawi yake sinakwane. Dzifunseni ngati mukudikiradi nthawi, kapena mukuopa chimene mungavomereze mukachipereka lero. Ndipo mukaona mnzanu dzanja lamulemera, musamuchititse manyazi. Nyamukani mwakachetechete, mumuchitire.