Mipata Makumi Awiri

Mumzinda wina munali munthu wolemba mapulogalamu a kompyuta. Chipatala china chaching'ono chinamupatsa ntchito. Zotsatira zikabwera kuchokera koyezera, namwino azilowetsa manambala a odwala, kompyuta izifufuza mafoni awo m'nkhokwe yake n'kuwatumizira uthenga woti abwere.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, abale, koma izi atandifotokozera ndinazimva. Pofunsa nkhokwe ija, nambala iliyonse imafuna mpata wakewake. Odwala akakhala atatu, mipata itatu. Akachuluka, mipata nayo ichuluke. Wolemba wosamala amauza pulogalamu kuti iyambe yawerenga anthu, kenako ikonze mipata yowakwanira.

Munthu uja anali pachangu. Anaika mipata makumi awiri basi, nalamula kuti otsala azidulidwa mwakachetechete, pulogalamu isamaime.

Namwino anafunsa, "Nanga achimwene, akadzachuluka?"

"Asisita, kano n'kachipatala, si msika. Sadzafika n'komwe."

Anafika. Mwezi wina amayi anabwera ambiri kudzayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Mmodzi anali mayi Nasibeko, wogulitsa makala. Nambala yawo inali kumunsi kwa mndandanda, kupitirira makumi awiri aja, ndipo uthenga sunapite. Iwo anati, poti sakundiitana, ndiye kuti ndili bwino. Pamene ululu unawabweretsa okha, matenda anali atafalikira. Sanakhalitse.

Achipatala anaitana munthu uja. Iye anapeza vuto, nalikonza tiyi asanazizire n'komwe. Palibe anamuimba mlandu. Anthu ankangoti makina analakwitsa, iye n'kumavomera ndi mutu. Koma pakhomo la tchalitchi mapazi anayamba kumulemera.

Mverani tanthauzo lake. Mitima yathu tinaiikira mipata yowerengeka: ana anga, a mpingo wanga, a kwathu. Wobwera pamwamba pa amenewa sitimutukwana ayi, sitimumenya. Timangomudula mwakachetechete, ndiye timagona tulo. Mulungu satero. Iye amayamba waona amene abwera, kenako amakonza malo. Ndipo tsiku lina adzatifunsa za wakumunsi uja.

Munthu uja pomaliza anafunsa njira ya kwa amuna awo a malemuwo. Anawapeza akulonga makala m'matumba, ana atakhala pakhonde. Anagwada pafumbi la makala lomwelo.

"Bambo, si makina ayi. Anandichenjeza, ine ndinaseka. Akazi anu ndinawasiya kunja ndine. Pepani."